Bezi ya punk: kuimvetsera, kuimenya ndi kupeza kamvekedwe kake

Amene anakulira pa reggae kapena pa nyimbo za kutchalitchi amadziwa bezi yabwino ya mtundu umodzi: yakuya, yofewa, yomveka m'chifuwa kuposa m'khutu. Bezi ya punk, mtundu wa nyimbo za rock zothamanga ndi zaukali, ndi ina. Mumamva pick (kapulasitiki komenyera) ikukhudza nsambo, mumamva nsambo ikugunda mafret (tizitsulo topingasa pakhosi la bezi), ndipo m'malo mogona pansi pa magitala imadzipanikiza pakati pawo. Woizolowera bezi ya Black Missionaries akaimva koyamba angaganize kuti sipika yang'ambika, ndipo pa nkhani ya woimba mmodzi wotchuka angakhale akulondola.

Ambiri akafuna kamvekedwe kameneka amathamangira kugula pedal ya distortion (kabokosi koponda ndi phazi kokhadzula mawu) ndi kukweza batani la Bass mpaka kumapeto. Zotsatira zake ndi phokoso losamveka mutu wake. Kamvekedwe ka punk kamachokera ku zinthu zitatu: dzanja lomenya, nsambo zatsopano zachitsulo, ndi mawu apakati pa ampu. Pedal imabwera pomaliza, ndipo akatswiri ambiri a zaka za m'ma 1970 analibe nayo n'komwe.

Yambani ndi makutu

Punk inaphuka ku New York ndi ku London pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo kuchokera pachiyambi kunalibe kamenyedwe kamodzi ka bezi.

Dee Dee Ramone wa gulu la Ramones, lomwe linayamba mu 1974 ku Queens n'kutchukira pa kalabu ya CBGB, ndiye maziko. Bezi ya Fender Precision, pick, ampu ya Ampeg SVT, ndi noti ya tsinde la chord yomenyedwa kasanu ndi katatu pa bala (kugunda kunayi) iliyonse, konse chotsitsa. Anthu amati n'zophweka, mpaka atayesa kuimba nyimbo makumi awiri zotsatizana popanda noti imodzi kufooka. Pomumvetsera musafunefune manoti ambiri. Mvetserani kufanana kwa mphamvu ya noti iliyonse, ndi momwe bezi ndi gitala zimasinthira chord nthawi imodzi ngati chida chimodzi.

Jean-Jacques Burnel wa The Stranglers ndiye uja wa sipika yong'ambika. Ankamenya Precision ya nsambo za Rotosound ndi pick, pafupi kwambiri ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa bezi), mwamphamvu, ndipo nkhani yodziwika ndi yakuti pa zimbale zoyamba za 1977 bokosi la masipika lomwe ankagwiritsa ntchito linali ndi masipika ong'ambika. Kwa iye bezi ndiyo imatsogolera nyimbo, gitala ndi kiyibodi zikuizungulira. Ngati mukufuna kudziwa tanthauzo la bezi yolira chitsulo, yambirani apa. Koma musang'ambe sipika yanu. Kulira kumeneko kumapezeka m'njira zina.

Paul Simonon wa The Clash anakulira kumadera a London komwe kunali anthu ambiri ochokera ku Jamaica, monga Brixton, ndipo reggae ndi dub zinalowa m'zala zake. Bezi yake ndi yonenepa, imasiya mipata, ndipo siilira chitsulo ngati ya Burnel. Ndi iye amene anajambulidwa akuswa Precision yake pansi ku Palladium ku New York mu September 1979. Kwa munthu amene amaimba kale reggae, Simonon ndiye khomo lapafupi lolowera punk. Darryl Jenifer wa Bad Brains ya ku Washington DC nayenso ankadumpha kuchokera pa liwiro loopsa kupita pa reggae yodekha m'konsati imodzi, ndipo ku Johannesburg gulu la National Wake, la anthu akuda ndi oyera lomwe linayamba mu 1978 mkati mwa tsankho, linkasakaniza zomwezi, Gary Khoza ali pa bezi.

Kenako kuli othamanga: Matt Freeman wa Operation Ivy ndi Rancid, amene amayendetsa manoti pakhosi lonse la bezi pa liwiro la punk, ndi Mike Dirnt wa Green Day, amene m'zaka za m'ma 1990 ankadziwika ndi Gibson G-3 yolira mowala kwambiri. Ndipo pofuna kuti musamati pick ndi lamulo, Mike Watt wa Minutemen ndi Karl Alvarez wa Descendents amadziwika ndi kumenya ndi zala.

Mvetserani nyimbo imodzi katatu. Koyamba tsatani bezi ndi ng'oma ya phazi basi. Kachiwiri tsatani malo amene bezi yasiyana ndi gitala, makamaka kumapeto kwa mzere pamene ikulowera chord yotsatira. Kachitatu ikani pa sipika ya foni. Sipika ya foni siitulutsa mawu akuya, kotero bezi ya reggae imasowa ndithu, koma ya Burnel kapena ya Dirnt imamvekabe bwinobwino. Chimene chatsala pa foni chija ndicho mukufuna kupanga.

Dzanja lomenya

Tengani pick yokhuthala pakati pa mamilimita 0.73 ndi 1.14. Pa Dunlop Tortex, yachikasu ndi 0.73, yobiriwira 0.88, yabuluu 1.0, yapepo 1.14. Yopyapyala imapindika pang'ono, imapereka kukhatcha kwambiri ndipo siitopetsa dzanja. Yokhuthala imapereka noti yonenepa koma ikakodwa pa nsambo ya E imakodwa ndithu. Yambani ndi 0.88. Yochepera 0.60 imapinda isanasunthe nsambo, noti n'kuchedwa.

Gwirani pick pakati pa chala chachikulu ndi m'mbali mwa chala cholozera, nsonga yotuluka ikhale mamilimita atatu kapena anayi okha. Ikatuluka kwambiri imalowa pansi pa nsambo n'kukodwa. Ipendeketseni pang'ono kuti m'mphepete mwake mukhule nsambo; kukhulako ndi gawo la kamvekedwe. Musaifinye. Kufinya kumaumitsa mkono wonse mpaka m'chigongono, ndipo pofika pakati pa nyimbo yachiwiri dzanja limakhala litafa. Ngati pick ikuterereka ndi thukuta, ikandeni ndi mpeni mizere yopingasa kapena ibooleni pakati, osati kuwonjezera kufinya.

Malo omenyera amasintha kamvekedwe kuposa batani lililonse la pa ampu. Pamwamba pa pickup (maginito otola mawu a nsambo) ya Precision mumapeza noti yodzaza, ya Dee Dee. Masentimita atatu kapena asanu kuchokera pa bridge nsambo ndi yolimba, mawu akuya amachepa, kulira kwa chitsulo n'kutuluka. Apa ndi pa Burnel. Pafupi ndi khosi nsambo ndi yolobodoka, imagwedezeka kwambiri, ndipo pa liwiro pick imaiphonya. Yesani malo atatuwa osakhudza ampu, mudzamva nokha.

Kumenya chotsitsa chokhachokha kumamveka mosiyana ndi kumenya chotsitsa ndi chokweza, chifukwa noti iliyonse imayamba mofanana ndipo nyimbo imakhala ngati ikukankhidwa kutsogolo. Mtengo wake ndi uwu: pa liwiro la kugunda 180 pa mphindi, manoti awiri pa kugunda kulikonse ndi kumenya kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Palibe chidule. Ikani metronome (chogogoda chosunga liwiro) ya pa foni pa 120, menyani A pa fret 5 ya nsambo ya E kwa mphindi ziwiri osaima, kenako pumulani mphindi imodzi. Mukatha katatu popanda kuuma dzanja, wonjezerani 5. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa tsiku zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Kuyenda kuchokere pa mfundo ya dzanja ndi kupotokola pang'ono kwa mkono, osati pa chigongono, ndipo pick isapite kutali ikadutsa nsambo, chifukwa liwiro limatayika pobwerera. Mukamva kupweteka kolasa kapena dzanzi, lekani tsiku limenelo. Kutopa kwa mnofu ndi kwabwinobwino, kupweteka kwa mtsempha ayi.

Pamwamba pa 190 kapena 200, komanso pa mizere yothamanga ya Freeman, menyani chotsitsa ndi chokweza. Vuto lake ndi lakuti chokweza chimafooka, bezi n'kumamveka ngati ikutsimphina. Dzijambuleni pa foni. Ngati mukutha kusiyanitsa chotsitsa ndi chokweza ndi khutu, phunzirani chokweza chokhachokha kwa mphindi zingapo tsiku lililonse.

Lamba wa bezi: zithunzi za Dee Dee ndi Simonon bezi ili m'maondo zimaoneka bwino, ndipo kutsitsa bezi kumathandizadi kumenya chotsitsa chifukwa mkono umawongoka. Koma dzanja la pakhosi limapindika koopsa. Ikani thupi la bezi cha pa lamba wa thalauza, khosi lake litakwera pang'ono, ndipo phunzirani mutaimirira, chifukwa mutakhala pansi zonse zimasintha.

Ndi zala nazo zimatheka, koma muyenera kumenya nsambo moilowetsa kumafret kuti igunde, osati kuikoka mofatsa monga m'kwaya.

Chinthu chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi wophunzira ndi kuzimitsa nsambo zomwe sakumenya. Mukamenya nsambo ya A mwamphamvu, ya E imayamba kung'ung'udza yokha, ndipo pa ampu yokwezedwa kung'ung'udzako kumadetsa chilichonse. Nsambo zopyapyala kuposa imene mukumenya zizimitseni ndi mimba ya chala cholozera cha dzanja la pakhosi. Zokhuthala zizimitseni ndi m'mbali mwa chikhatho cha dzanja lomenya kapena ndi nsonga ya chala. Kukhazika chikhatho pa bridge penipeni kumapereka noti yaifupi yabwino pa vesi, kenako kuchikweza pa kolasi nyimbo n'kutseguka. Chikhatho chikapita patali ndi bridge noti imafa, n'kutsala kugogoda kokha.

Dzanja la pakhosi lili ndi ntchito yochepa. Dinani kumbuyo kwenikweni kwa fret, osati pakati pa mafret. Nyimbo zambiri zimayenda pa machord atatu, mwachitsanzo A pa fret 5 ya nsambo ya E, D pa fret 5 ya nsambo ya A, ndi E pa fret 7 ya nsambo yomweyo. Noti yachisanu kuchokera pa tsinde la chord ili pa nsambo yotsatira, mafret awiri kutsogolo. Octave ili nsambo ziwiri kutsogolo, mafret awiri kutsogolo. Pochoka pa A kupita pa D mungayende A, B pa fret 7, C# pa fret 4 ya nsambo ya A, kenako D. Kuyenda kotereku kuikeni kumapeto kwa mzere wachinayi, osati pa bala iliyonse. Bezi ikamayendayenda nthawi zonse palibenso amene akukankha nyimbo.

Bezi yake, nsambo zake, ndi kuikonza

Precision inatuluka mu 1951, ndipo pickup yake yogawika pawiri inabwera mu 1957. Pickup imeneyi ndiyo chinsinsi: ili pamalo pomwe mawu apakati amatuluka mwamphamvu, komanso siichita phokoso la magetsi. Simufunika Fender yeniyeni. Squier, kapena bezi iliyonse yokhala ndi pickup ya mtundu wa P pamalo omwewo, idzakufikitsani pafupi. Batani la volume ndi la tone zonse zitsegulidwe mpaka kumapeto. Ngati muli ndi Jazz Bass, kutsegula mapickup onse awiri mofanana kumachotsa mawu apakati, amene ndi omwe mukufuna. Tsegulani ya kukhosi yonse, ya ku bridge muibweze pang'ono, ndipo mulolere kaphokoso kochepa. Rickenbacker 4001, monga ya Bruce Foxton wa The Jam, ili ndi kulira kwakekwake, koma ndi yodula ndipo si yofunikira. Bezi za batire, za mabatani ambiri, zikhazikeni pakati zonse, ndipo musakweze Bass.

Nsambo ndizo zofunika kuposa dzina la pamutu pa bezi. Mukufuna roundwound, zija zokhakhala mukazipapasa, makamaka za stainless steel. Zotchuka ndi Rotosound Swing Bass 66, zomwe zinapangidwa m'ma 1960 mothandizana ndi John Entwistle wa The Who. Seti wamba ndi 45, 65, 80, 105, manambala osonyeza kukhuthala kwa nsambo iliyonse. Za nickel ndi zofewerapo m'khutu ndi m'zala, ndipo sizidya mafret msanga ngati za stainless. Flatwound, zosalala zija, ndi zabwino pa reggae koma kulira kwa chitsulo sizingakupatseni.

Vuto ndi lakuti kuwala kwa nsambo zatsopano kumatha m'masabata ochepa, chifukwa thukuta ndi litsiro zimalowa m'mizere yake, ndipo nyengo ya dzinja chinyezi chimawonjezera dzimbiri. Nsambo za bezi si zotsika mtengo, choncho sambani m'manja musanaimbe, ndipo mukamaliza pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pansi pake pomwe. Zikafa, zimasuleni, zikulungeni, ziwiritseni m'madzi kwa mphindi 10 mpaka 15, kenako ziumitseni kotheratu musanazibwezere, chifukwa madzi otsalira mkati amadya waya wapakati. Kuwala kumabwerera kwa masiku angapo. Mungatero kamodzi kapena kawiri. Pambuyo pake nsambo imaduka kapena kuleka kuchunika bwino. Poika zatsopano, siyani masentimita 8 mpaka 10 kupitirira chokulungira, pindani musanadule, ndipo kulungani kawiri kapena katatu motsitsa kuti nsambo ikhale yodina pa nut, kachidutswa ka mipata komwe nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi.

Tsopano kukonza kutalika kwa nsambo, komwe punk imasiyana ndi malangizo wamba. Kugunda pang'ono kwa nsambo pa mafret ndi kofunika. Kulira kopitirira komwe kukupha noti ndiye vuto. Yambani ndi kupindika kwa khosi. Chunani bezi, dinani nsambo ya E pa fret yoyamba ndi pa yomaliza, yang'anani mpata pa fret 8: ukhale pafupifupi mamilimita 0.3, kukhuthala kwa kakhadi kopyapyala. Ukakula, mangani truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi), ukasowa, masulani. Potokolani gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, chunaninso, dikirani, yezaninso. Ikalimba musakakamize, chifukwa truss rod yothyoka ndi khosi latsopano. Kenako pa fret 17 mpata pakati pa nsambo ndi fret ukhale pafupifupi mamilimita 2.4 ku E ndi 2.0 ku G. Womenya mwamphamvu akweze ndi theka la milimita. Wofuna kulira kochuluka atsitse pang'ono, amvetsere kudzera mu ampu, osati bezi yokha. Pickup ikhale mamilimita 2.5 mpaka 3 pansi pa nsambo mutadina fret yomaliza. Ikayandikira kwambiri nsambo imaigunda n'kumveka kuphulika koipa, komanso maginito amakoka nsambo noti n'kumagwedera. Pomaliza yerekezani noti ya pa fret 12 ndi ya nsambo yosadina pa tuner: ikakwera, bwezani saddle (kachitsulo ka pa bridge komwe nsambo imatsamirapo) kutali ndi khosi, ikatsika, isendezeni kufupi. Nyengo ikasintha, kuchokera m'chilimwe kulowa m'dzinja, yezaninso khosi, chifukwa mtengo umayenda.

Pa ampu

Ampeg SVT inatuluka mu 1969, ya ma watt 300 a machubu, ndi bokosi la masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10. Kukoma kwake ndi kwakuti ikakwezedwa imayamba kukhadzula mawu pang'ono popanda kutaya kuya. Ndi yolemera, yodula, ndipo machubu ake ndi ovuta kuwapeza. Chofunika ndi kumvetsa zomwe imachita kuti muzitsanzire pa ampu iliyonse.

Noti ya E yosadina ndi 41 Hz (kugwedezeka ka 41 pa sekondi), A ndi 55, D ndi 73, G ndi 98. Koma khutu limazindikira noti makamaka ndi mawu apamwamba omwe amatuluka nayo limodzi. Pansi pa 60 Hz ndi kugwedeza chipinda komwe kumadya mphamvu ya ampu n'kulimbana ndi ng'oma ya phazi. Pakati pa 80 ndi 120 pali kunenepa. Pakati pa 200 ndi 300 pali matope, makamaka m'chipinda chaching'ono cha makoma a simenti. Pakati pa 600 ndi 1,000 pali kubangula, mtima wa kamvekedwe ka punk. Pakati pa 2,000 ndi 3,000 pali kukhatcha kwa pick ndi kulira kwa mafret. Kupitirira 6,000 ndi kusokosa chabe.

Pa ampu ya mabatani atatu, yambani zonse zili pa 5 mwa 10. Bass isiyeni pa 4 kapena 5, Mid ikwere pa 7, Treble pa 6 kapena 7. Ngati pali batani losankha malo a Mid, ikani cha pa 800. Mabatani olembedwa Contour, Enhance, Shape kapena Ultra Lo azimitseni, chifukwa ntchito yawo ndi kuchotsa mawu apakati. Pa graphic EQ musajambule kamwa yomwetulira ija, mbali zokwera pakati potsika, yomwe imakoma mukamaimba nokha n'kukusowetsani gulu likayamba. Pangani kaphiri pakati. Ngati bokosi lili ndi tweeter (kasipika ka mawu apamwamba), itsitseni kapena izimitseni, makamaka mukamagwiritsa ntchito drive (chokhadzula mawu), apo ayi mudzamva ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya.

Gain ndi Master si chinthu chimodzi. Gain ndi kuchuluka kwa mawu olowa, Master ndi kukweza kwa otuluka. Pa ampu ya machubu, kapena yokhala ndi drive, kwezani Gain mpaka noti yomenyedwa mofatsa ikhale yoyera koma yomenyedwa mwamphamvu ikhadzuke, kenako Master. Pa ampu wamba ya transistor, kagetsi kofiira ka Clip kakamayaka nthawi zonse si punk ayi, ndi sipika yomwe ikupsa. Kazingothwanima pa noti zamphamvu zokha.

Kamvekedwe koyenera mukakamva nokha kamakhala konyansa pang'ono: kokhakhala, kodzaza zitsulo. Musakakonze. Magitala ndi zinganga za ng'oma zikalowa zimameza kukhakhalako, n'kutsala noti yomveka bwino. Chifukwa chake mabatani omaliza akonzedwe gulu lonse likuimba, mutaima mamita atatu kapena anayi kuchokera pa ampu. Ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi wa gitala: ngati Bass ya pa ampu yake ili pa 8, wakulandani malo. Mupempheni aitsitse pa 4.

Ngati mukufunabe pedal, sankhani yopangidwira bezi, yokhala ndi batani la Blend losakaniza mawu oyera ndi okhadzuka. Tech 21 SansAmp Bass Driver DI ndi yotchuka chifukwa imatsanzira ampu ya machubu ndipo ili ndi potulukira XLR polowera ku mixer. Koma mwachibadwa imachepetsa mawu apakati, makamaka mukakweza Bass ndi Treble yake. Blend ikhale cha pakati, Drive pansi pa theka, Bass ndi Treble zisapitirire pakati. Pedal za gitala zambiri zimadula mawu akuya, ndipo mukaiponda gulu lonse limamveka ngati pansi pachoka. Fuzz yonenepa, ngati ija ya magitala a Zamrock a Ngozi Family ndi WITCH ku Zambia m'ma 1970, imakoma pa mzere wa bezi yokha koma pa manoti othamanga imawamata pamodzi. Compressor ithandiza kufananitsa manoti. Ikani ratio ya 4:1 ndi attack yochedwerapo, cha pa 20 mpaka 30 ms, kuti kukhatcha kwa pick kudutse isanagwire. Attack yofulumira imadya chinthu chomwe mwachivutikira.

Pa mphamvu, ndi woimba ng'oma womenya mwamphamvu ndi magitala awiri, ampu ya transistor yochepera ma watt 200 idzavutika. 300 ndi yabwino, ndi bokosi la masipika anayi a mainchesi 10 kapena awiri a 12. Ampu ya gitala ndi yoyeserera motsitsa basi, chifukwa masipika ake sanapangidwire 41 Hz. Ngati palibe ampu, lowani mu mixer kudzera mu DI (kabokosi kolumikizira bezi ku mixer), ndipo muuzeni wa pa mixer asakuchotsereni mawu apakati, chifukwa ambiri anazolowera kukonza bezi ya reggae ndi ya kwaya ndipo dzanja lawo limapita lokha pa Low.

Pojambula kunyumba, jambulani mawu oyera, muwakopere pa matraki awiri. Yoyamba idulidwe zonse za pamwamba pa 200 Hz n'kupanikizidwa ndi compressor. Yachiwiri idulidwe za pansi pa 200 n'kuikidwa drive. Mukazisakaniza mumapeza kuya kokhazikika ndi kubangula pamwamba, ndipo mungayese pa sipika ya foni monga munayesera akatswiri aja.

Zikavuta

Bezi ikusowa gulu likalowa: musakweze volume poyamba. Kwezani Mid, tsitsani Bass, yang'anani ngati nsambo sizinafe. Ikungodumdumira popanda noti yomveka: ampu ili pakona ya chipinda, kumene mawu akuya amachulukana, isuntheni theka la mita kuchoka pakhoma, kapena iikeni pampando. Kukhatcha kokha popanda thupi: mwayandikira bridge kwambiri, kapena drive yachuluka. Noti zikukwera zokha pamene tuner ikuti zili bwino: mukumenya mopitirira, chifukwa nsambo yomenyedwa mwamphamvu imayamba yokwera isanakhazikike, chepetsani mphamvu, kwezani ampu, kapena ikani nsambo ya E yokhuthalirapo ya 110. Nsambo ikudukira pa bridge kawirikawiri: saddle ili ndi kamphepete kakuthwa, ipaleni ndi sandpaper yosalala. Nyimbo ikuthamanga yokha: pa punk bezi imakhala patsogolo pang'ono pa kugunda, koma ikatsogola kwambiri imamukoka wa ng'oma, phunzirani awiriwiri ndi metronome, magitala palibe.

Za magetsi musazichepetse. Ampu yogulidwa ku America nthawi zambiri ndi ya 120 V, pamene ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi 230 V. Werengani kumbuyo kwake musanaiike pa soketi, ndipo adaputa yongosintha mapini siisintha voteji. Magetsi akazima, kapena pomwe akuyatsa jenereta, zimitsani ampu mpaka akhazikike. Pakati pa ampu ndi bokosi pakhale waya wa sipika, osati wa gitala, womwe ndi wopyapyala mkati ndipo umatentha. Mabokosi awiri a 8 ohms olumikizidwa pamodzi amakhala 4 ohms, awiri a 4 amakhala 2. Musatsike kupitirira zolembedwa pa ampu, ndipo ya machubu musaiyatse popanda sipika. Kung'ung'udza komwe kumaleka mukakhudza nsambo ndi vuto laling'ono la kutchinga mawaya mkati mwa bezi. Koma ngati mlomo ukugwidwa ndi shoko mukakhudza maiki mutagwira nsambo, pali chida chopanda earth: zimitsani zonse, ndipo musaimbenso mpaka wodziwa magetsi ataona mapulagi ndi ekisitenshoni.

Makutu nawo. M'chipinda choyeserera phokoso limafika 100 dB mosavuta, ndipo pa mlingo umenewo nthawi yovomerezeka pa tsiku ndi mphindi 15 zokha. Zotsekera za siponji zimachotsa mawu apamwamba kwambiri, kotero mudzafuna kukweza Treble mopitirira. Konzani ampu musanazivale, kapena gulani zotsekera za oimba zomwe zimatsitsa mawu onse mofanana ndi 15 mpaka 20 dB.